Bondo la a Orville

Nayi ndagi, muiphe ngati ndinu ochenjera: n'chiyani chimakupatsa nkhuku yokazinga, magalasi ndi mswachi, kenako n'kukulanda dokotala? Mwakanika? Musadandaule, ife nkhalamba za m'tauni muno imatikanika chaka ndi chaka. Tikangomva mawu akuti "zaulere," ngakhale ogontha makutu amatseguka.

Masamba atayamba kuyoyoka, nyengo imene opuma pantchito timasankha inshuwalansi ya zachipatala, kunabwera wamalonda wa mano oyera mbee, n'kutiitanira nkhomaliro kuholo ya tchalitchi. A Orville, amene kale ankayendetsa basi yasukulu, anakhala kutsogolo. Anasaina inshuwalansi ya wamalondayo, yolonjeza magalasi ndi mswachi mwaulere, mafuta a nkhuku asanaume m'zala.

"Bambo, mwafunsa ngati a dokotala Pruitt amailandira?" anawanong'oneza akazi awo, a Maxine. "Paja Januwale akukonzani bondo."

"Iwe Maxine, dokotala amakana wodwala? Pruitt ndinkamunyamula pabasi mamina ali chuchuchu!"

Januwale anafika. Mayi wolandira odwala kwa a Pruitt anatembenuza kakhadi katsopano ka inshuwalansi ka a Orville ngati nsomba yoola.

"Pepani bambo, iyi sitilandira."

Dokotala wa inshuwalansi yawo anali kumzinda wakutali, ndipo mzere wake unkathera mu Ogasiti. Kubwerera ku yakale nako kunkadikira nyengo yosankha.

Munthu wanzeru akanangovomera. Koma a Orville anadzitsekera m'nyumba mwezi wathunthu, kenako anatulukira kulesitilanti kumene madala amamwera khofi, ndodo ataibisa m'galimoto. Anayenda ataluma mano, thukuta lili kamukamu, chisanu chonsecho.

"Onani bondo latsopano!" anatero, akulimenya mosamala. "Chitsulo chenicheni. Pruitt akuti sanaonepo munthu wochira msanga chonchi. Inu a Gus, khalani ndi inshuwalansi yanu yodulayo, yopanda ndi mswachi womwe."

"Tavinani tione, achimwene," anatero a Gus, mnzawo wakalekale.

"Nsanje idzakuphani, madala."

Chitseko chinatseguka. Analowa a Pruitt eniake, kudzagula chitumbuwa cha maapozi.

"A Orville! Mwasowatu! Mukadzasintha inshuwalansi ija mubwere, bondolo tilikonze lisanakugwetseni."

A Orville anadzambatuka kuti athawe, koma bondo linalira kwee! ngati chitseko cha khola, n'kuwabwezera pampando.

"Chitsulocho chachita dzimbiri msanga bwanji!" anakuwa a Gus, khofi akutuluka m'mphuno.

Anaseka onse, ngakhale wophika kukhitchini. Tinaseka nafenso, ife amene tinali ndi kakhadi komweko m'zikwama. A Maxine anapita kugalimoto, n'kubwera ndi ndodo ija, n'kuiika patebulo mwaulemu wonse.

"Nayi miyendo yanu, bambo. Safunsa anadya phula."