Chigamba Chimene Callum Anaumira

Pakampani ina yaing'ono yokonza mabuku ku Launceston, Callum Triffitt ndiye ankayang'anira kompyuta yaikulu. Ntchito imene inkamudyetsa inali imodzi: buku la mankhwala a nkhosa, lomwe bungwe la alimi linkamupatsa chaka ndi chaka. Alimiwo ankatumiza zolemba zoikidwa zizindikiro zosonyeza kuti uwu ndi mutu, ili ndi chenjezo, ndipo pulogalamu ina inkazisandutsa masamba okonzeka kusindikizidwa. Pulogalamuyo inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo mwambo wake unali wakuti wokonza cholakwika amatumiza zokonza zakezo, zotchedwa chigamba, kwa oisamalira kuti zilowe m'pulogalamu ya onse.

Tsiku lina Callum anatulukira kuti pulogalamuyo inkameza machenjezo olembedwa pansi pa ndandanda ya mankhwala. Analimbana nayo masiku atatu mpaka anaikonza. Anayenda mu ofesi monse chifuwa chili patsogolo.

"Watumiza kwa eni ake?" anafunsa Noreen Dwyer, mayi amene ankawerenga masamba asanapite kosindikiza.

"Nditumize? Thukuta langa la masiku atatu akadyerepo a ku Hobart amene tikulimbirana nawo ntchito? Ayi, a Noreen, aliyense azidzikanda yekha."

"Iwe Callum, amene anakulembera pulogalamu yonseyi unawagulira ngakhale khofi? Kuumira kwakoku kudzakugwetsa chagada."

Callum anangoseka n'kupitiriza kudya chitumbuwa chake cha nyama. Kunena zoona, mnyamatayu anali waluso, koma dzanja lake linali lolemera potulutsa. Chigambacho anachisiya m'kompyuta ya kampani, osachilemba pena paliponse.

Patatha chaka, osamalira pulogalamu aja analengeza kuti apeza mpata wolowera akuba m'pulogalamuyo, ndipo aliyense aike pulogalamu yatsopano msanga. Callum anaika m'mawa womwewo. Yatsopanoyo inafufuta yakale, pamodzi ndi chigamba chimene iye anali ataiwala kalekale. Sabata imeneyo Noreen anali kutchuthi, ndipo buku linapita kosindikiza popanda womuwerengera.

Mabuku atafika m'mafamu, foni inalira. Anali mkulu wa bungwe la alimi.

"Bambo Triffitt, lili kuti chenjezo la masiku odikira nkhosa isanaphedwe ikamwa mankhwala? Mlimi wina amubwezera lole yathunthu ya nkhosa kophera nyama. Chaka chamawa musativutikire, tapeza ena."

Callum anafufuza chigamba chija m'kompyuta monse, koma kunalibe. Mwamanyazi analembera osamalira pulogalamu kuwadandaulira. Yankho linabwera masana omwewo, laulemu bwino: "Vutoli ena anatiuzapo miyezi isanu yapitayo, koma palibe wapeza pogwira. Ngati muli ndi njira, tumizani, tiika lero lomwe."

Anawerenga kawiri, mtima ukumuwawa. Akanatumiza chaka chatha, chigambacho chikanabwerera chokha m'pulogalamu yatsopano, ndipo chikanamupeza pampando wake womwewo.

Noreen atabwerako anamupeza akulembanso chigamba chija kuyambira pachiyambi. Anaika kapu ya tiyi patebulo pake.

"Chimenechi ukachibisa kuti?"

"Ndikutumiza, mayi. Musandinyoze, ndamva."

Anatumizadi, ndipo a ku Hobart, amene tsopano ankakonza buku la nkhosa lija, anali oyamba kumuthokoza. Zimene anabisa zinatayika, zimene akanapereka zikanamusungira ntchito. Paja akuluakulu anati kupatsa n'kuika.