Dzina Limene Linasiya Kutchulidwa

Pamalo owotcherera zitsulo a mkulu wina makina sankalira pemphero lisanathe. Kaya kasitomala walawira ndi geti lothyoka, kaya ntchito yathina, lamulo linali lomwelo. Chitseko chikangotsegulidwa onse ankaima mozungulira tebulo lachitsulo, zipewa zili m'manja, mkuluyo n'kuyamba. Pemphero lake silinali lalitali, ndipo silinkasintha. Ankathokoza chifukwa cha kuwala kwa tsiku, kenako n'kutchula ana ake mmodzimmodzi ndi maina awo: wachisamba, mlongo wawo, mzime, kudzafika kwa apongozi ndi zidzukulu. Pomaliza ankati, "Awa ndi anu, Ambuye. Muwasunge oyera, mitima yawo isade."

Ana akamaseka kuti pempherolo analiloweza ali kumsana, iye ankawayankha kuti, "Sekani. Nanenso bambo anga ankanditchula chonchi mpaka tsiku limene anatsikira kulichete. Ndilibe nyumba za lendi zoti ndikusiyireni. Chuma changa ndi chomwechi."

Wachisambayo ndiye anali dzanja lamanja la bambo ake. Akalumikiza zitsulo ziwiri, munthu ankachita kufunafuna pamene pali msoko. Mng'ono wake, mzime uja, anali wanthabwala koma waphuma, wokonda zachidule. Tsiku lina anachotsa chotchinga cha makina odulira zitsulo, ati chinkamuchedwetsa, n'kuwasiya patebulo osauza munthu. Mkulu wake atawayatsa, chimbale chodulira chinasweka, kachidutswa n'kumulasa diso lakumanzere. Kuchipatala anayesetsa ndithu, koma disolo linapita.

Mng'onoyo anagwada pafupi ndi bedi, misozi ili chuchuchu, kupepesa mpaka mawu kusasa. Mkulu wake anangotembenukira kukhoma.

M'mawa umene anabwerera kuntchito, onse anaima monga mwa nthawi zonse. Bambo anamutchula iye, anatchula mlongo wake, n'kutchula mzimeyo ndi mawu omwewo, achikondi chomwecho.

"Bambo, taimani kaye," anatero wachisambayo.

Chiyambireni palibe amene anadulapo pemphero limenelo.

"Dzina langa ndi la uyu asatulukenso pakamwa pamodzi. Sankhani."

"Mwana wanga, chala chiti chimene ndingadule n'kunena kuti dzanja lili bwino?"

"Ndiye langalo lichotseni. M'mawa wa tsiku lija simunanditchule? Diso linatsala? Ndikadzamva kuti mukunditchulabe pamodzi ndi ameneyu, ndidzadziwa kuti mukundinyoza."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukudziwa chimene ukutayachi?"

"Mawu basi. Mawu sabweza diso."

"Chabwino," anatero bambo ake motsitsa. "Pakamwa ndisiya, poti wandiletsa, ndipo sindifuna kuti pemphero likhale chitonzo kwa iwe. Koma mtima wanga sungaulamule."

Wachisambayo anatola zida zake n'kukatsegula malo akeake kutsidya kwa tauni.

Tisamunamizire munthu, diso limapweteka, ndipo iye analakwiridwa zedi. Koma chakukhosi chili ngati dzimbiri: chimayambira pansi pa penti, kunja kukuonekabe bwino. Poyamba anangosiya kudya Mgonero, poti sakanatha kumwera chikho chimodzi ndi mng'ono wake. Kenako anayamba kukhala benchi yakumbuyo. Atamuona mzime uja akuimba pakati pa anzake ngati munthu wopanda mlandu, anasiyiratu kupita kutchalitchi. Kunyumba kwake dzina la mng'onoyo linasanduka mwano. Mkazi wake anaphunzira kupemphera chamumtima, ali kotsuka mbale. Makasitomala ankayamikira ntchito, koma ankanong'onezana kuti mmisiriyo lilime lake ndi lumo. Nayenso mwini wake ankadabwa kuti bwanji chilichonse chikumunyansa, ngakhale kuseka kwa mwana wake.

Mlongo wake yekha ndiye sanatope kumuyendera. Tsiku lina anamupeza akupala chitsulo, nati, "Achimwene, mukudziwa zimene Bambo amachita? Akafika pamalo pa dzina lanu amakhala chete, milomo yokha ikuyenda. Tonse timadikira. Akatha ndiye amanditchula ine."

"Asiye azichedwetsa ntchito," anayankha osadzutsa mutu.

Zaka zinapita. Mlongoyo anabweranso, ulendo uno nkhope itagwa.

"Bambo ayamba kuiwala. Dzana amandifunsa kuti Amayi apita kuti, chonsecho tinawaika kalekale. Dzulo anasokera pamsewu wathu womwe uja. Bwerani mudzawaone nthawi ikadalipo."

"Machenjera amenewo ndimawadziwa. Wakutuma ndi uja eti?"

"Sindinatumidwe. Mudzandikumbuka."

Iye anangoyatsa makina kuti phokoso limuyankhire.

Mantha anayamba kulowa m'nyumba mwake kudzera pakamwa pa mwana. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene anabadwa ngozi ija itachitika kale, ndipo bambo ake aang'onowo sanawaonepo n'kamodzi komwe. Lamlungu lina masana, chakudya chili patebulo, mayi ake anamuuza kuti apemphere. Mwanayo anapinda timanja, natseka maso.

"Zikomo Mulungu chifukwa cha chakudya. Mudalitse amayi ndi ababa. Ndipo bambo aang'ono muwaboole maso onse awiri, afe akupapasa. Ameni."

Supuni inagwa m'manja mwa mayi ake. Mwanayo anatsegula maso akumwetulira, n'kuyang'ana bambo ake kudikira kuti amuyamikire.

"Wazimva kuti zimenezi?" anafunsa mayiyo.

"Si ababa amanena akamameta ndevu pagalasi?"

Mawuwo anali a bamboyo ndithu, koma sanadziwe kuti amamveka choncho. Mkazi wake anamuyang'ana m'maso koyamba patapita nthawi yaitali.

"Bambo a mwana, inu anakulerani akukutchulani pamaso pa Mulungu m'mawa uliwonse. Uyu mukumusiyira chiyani? Chimenechi?"

Bamboyo chakudya chija sanachikhudze.

Pasanapite nthawi diso lotsala lija linayamba kuchita nkhungu. Ankaphonya mzere powotcherera, ankalonjera anthu olakwika pamsewu. Dokotala ataliunika anapukusa mutu. Anati lifunika opaleshoni msanga, koma sakanalonjeza kanthu: likhoza kupenya, likhozanso kuzimiratu.

Atabwerako anadzitsekera pamalo ake a ntchito dzuwa likuswa mtengo. Anaima pakati, natseka diso kuti alawe mdimawo. Anayenda pang'ono, manja ali patsogolo, n'kupunthwa pa felemu ya windo, kugwera pa zidutswa za zitsulo. Ali pansipo, akupapasa kufuna potulukira, pemphero la mwana wake linamubwerera lonse. Afe akupapasa. Anayesa kupemphera, koma pakamwa panali gwa. Akati atchule Mulungu, imabwera ndi nkhope ya mng'ono wake, ndi matemberero amene lilime linazolowera. Apa m'pamene anachita mantha enieni, oposa a khungu. Anaona kuti ngati akalowe mumdima, akalowamo yekhayekha, wopanda ngakhale liwu limodzi loyera loti agwire.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anachilakalaka: kumva bambo ake akumutchula dzina pamaso pa Ambuye asanagone pabedi la opaleshoni.

M'mawa wa tsiku loti akagonekedwe, mkazi wake anamugwira dzanja n'kupita naye kumalo akale aja. Fungo la chitsulo chopsa linali lomwe lija. Makina onse odulira anali ndi zotchinga zomangidwa kawiri ndi waya. Mng'ono wake, amene tsopano ankayendetsa ntchito, imvi zitayamba kale, atamuona pakhomo anagwetsa sipanala.

"Achimwene..."

Mlongo wawo anali akukhazika bambo awo pampando pafupi ndi tebulo lachitsulo. Mkuluyo anali atatha, jekete likulendewera m'mapewa, maso akungoyendayenda ngati ali pamalo achilendo.

"Timabwera nawo m'mawa uliwonse," ananong'ona mlongoyo. "Zina zonse zinafufutika. Pemphero lokha ndiye linatsala."

Zipewa zitavulidwa, nkhope ya mkuluyo inasintha. Msana unawongoka, mawu anatuluka amphamvu ngati kale. Anathokoza chifukwa cha kuwala kwa tsiku. Kenako anakhala chete.

Wachisambayo anayang'anitsitsa milomo ya bambo ake ndi diso lake lankhungulo. Milomoyo sinayende. Mkuluyo anakwinya chipumi ngati munthu amene walowa m'chipinda n'kuiwala chimene wadzatenga. Anadikira, nadikira, kenako anapumira m'mwamba n'kutchula mwana wake wamkazi. Anatchula mzime. Anatchula apongozi onse, ngakhale mkazi wa wachisambayo, ndi zidzukulu zonse, mpaka kamtsikana kaja kamene sanakanyamulepo. Mwa amenewa sanaphonye ndi mmodzi yemwe.

"Awa ndi anu, Ambuye. Muwasunge oyera, mitima yawo isade."

Wachisambayo anagwada. Anakwawira kumpando n'kugwira miyendo ya bambo ake.

"Bambo, ndine. Ndabwera. Chiletso chija ndachotsa, nditchuleni."

Mkuluyo anamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira makasitomala.

"Takulandirani, bambo. Mwabweretsa geti?"

"Ndine mwana wanu woyamba!" Ndipo anatchula dzina lake, kawiri, katatu, mokweza, dzina limene mkulu yemweyo anamupatsa.

Mkuluyo analibwereza pang'onopang'ono. "Dzina labwino," anatero. "Ndinu mwana wa yani?"

Mkazi wa wachisambayo anaphimba nkhope ndi nsalu. Mlongo uja anagwada pambali pake akulira. "Maina amene ankawatchula mokweza tsiku ndi tsiku ndi amene anakhazikika, achimwene. Lanu ankalisunga mumtima monga analonjezera. Matenda atafika, linapita limodzi ndi zamumtimazo. Chatsala ndi kachete kaja basi. Amaima, koma sadziwanso chimene amaimira."

Mkuluyo anatambasula dzanja n'kukhudza chipsera cha pankhope ya mwana wake.

"Pepani. Diso lanu linatani?"

Mzime uja anasendera pafupi. "Ndine ndinawalasa, Bambo. Ndi kusasamala kwanga."

"Iwe!" Mkuluyo anapukusa mutu, natembenukira kwa wogwadayo. "Bambo, ndikupepesereni ine. Ameneyu ndi mwana wanga. Ngwaphuma, koma mtima wake ngwabwino. Mukhululukireni, chonde. Musasunge chakukhosi, chimadya mwini wake."

Wachisambayo analira ngati mwana. Anapapasa mpaka anapeza dzanja la mng'ono wake, naligwira zolimba. "Ndakukhululukira. Nawenso undikhululukire."

Mkuluyo anasangalala ngati wagwira ntchito yabwino. Anaika dzanja pamutu pa wogwadayo, natseka maso.

"Ambuye, nayu mlendo watipeza m'mawa uno. Ine sindimudziwa, koma Inu mukumudziwa. Kumene akupita mupite naye. Ngati ali ndi bambo, muwasunge kuti azimupempherera."

Ndi dalitso limenelo, la mlendo, anapita kuchipatala, mng'ono wake atamugwira mkono.

Mulungu ngwachifundo, disolo linapulumuka, ngakhale silinapenyenso bwino ngati kale. Lamlungu la Mgonero anagwada pafupi ndi mng'ono wake, namwera chikho chimodzi. Anaphunzitsa mwana wake pemphero lina, ndipo iye mwini ndiye anayamba kumutchula dzina m'mawa uliwonse. Kumalo akale aja sanajombenso. Ankafika chitseko chisanatsegulidwe, n'kuima pafupi ndi mpando wa bambo ake. Pemphero likafika pa kachete kaja, ankawerama n'kunong'oneza dzina lake m'khutu mwawo, mtima uli m'mwamba kuti mwina lero. Mkuluyo ankangomwetulira, n'kupitiriza ndi dzina la mlongo wake. Pemphero likatha ankamufunsa ngati wabweretsa geti.

Anachita zimenezi mpaka m'mawa umene mpando uja unakhala wopanda munthu. Dzina lija bambo ake sanalitchulenso.

Anthu pamaliro ankati mwamuna wamkulu ngati ameneyu kulira kotere bwanji, poti malemuwo anali atakalamba ndithu. Sankadziwa kuti sakulira imfa yokha. Ankalira chuma chimene anapatsidwa ulere m'mawa uliwonse, iye n'kuchitaya ndi pakamwa pake, nati ndi mawu basi. Kumwamba chikhululukiro anachipeza, koma liwu la bambo ake likumutchula sanalipezenso, ngakhale analifuna ndi misozi. Akuluakulu sananame: madzi akatayika saoleka.