Nkhwangwa Kumanda

Panali munthu wina, injiniya wa zamagetsi, dzina lake Dzonzi. Tsiku lina masana anakhala pambali pa bedi la mkazi wake Nasimango, m'chipatala chaching'ono cha kwawo kwa mkaziyo. Nasimango ankadwala chibayo, ndipo ankapuma mothandizidwa ndi makina. Tsikulo anali atapezako bwino. Anakoka mkono wa mwamuna wake n'kunena kuti, "Abambo, m'kamwamu mukuwawa. Kandigulireni manachesi pageti. Koma osati obiriwira ngati a dzulo aja."

Dzonzi anapita. Kunja kunkawomba mwera. Ali mkati mosankha manachesi, wailesi ya muokala inangoti zii. Wogulitsa anati, "Athimanso," n'kupitiriza kuingitsa ntchentche. Jenereta ya chipatala inachedwa kulira. Pobwerera, Dzonzi anapeza anamwino atatseka makatani kuzungulira bedi.

Nasimango anaikidwa m'manda a makolo ake, pansi pa mtengo waukulu wa mbawa.

Dzonzi sanakalipire munthu. Anabwerera ku ntchito yake ya kafukufuku ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani magetsi opita kuchipatala chija amathimathima? Aliyense anali ndi yankho. Ena ankati madzi achepa mumtsinje, ena ankati mawaya akalamba, ena ankati ndi akuba. Iye anamangirira timakina toyezera pamapolo, n'kudikira nyengo zisinthe. Anaona kuti magetsiwo amathima mwera ukawomba. Ndiye anavala nsapato zolimba, n'kuyenda pansi pa mawaya, polo ndi polo.

Mawayawo anamufikitsa m'mphepete mwa manda aja. Mbawa inali itapendekera ku mawaya, masamba ake akunsonga atapserera. Anthu osadza mitengo ankayeretsa njira yonse ya mawaya, koma akafika pamenepo ankavula zipewa n'kudutsa. Kumeneko nkhwangwa silowa kumanda popanda maliro.

Dzonzi analemba zimene anapeza. Anasonyeza kuti m'madera ambiri malo olemekezeka otere ndi amene amathimitsa magetsi. Zolemba zakezo zinawerengedwa m'mayiko akutali. Anamuitana kumisonkhano, anamuwombera m'manja, anamukweza pantchito. Ophunzira a ku yunivesite ankaloweza dzina lake pokonzekera mayeso. Mwera unabweranso, ndipo m'chipatala muja makina anaimanso, munthu wina ali pabedi.

Pamenepo Dzonzi anapita kwa mlamu wake Lufeyo, mlongo wake wa Nasimango, amene anali mwini mbumba. Iye mwini pamudzipo anali mkamwini chabe, wopanda mawu pa zamanda.

Lufeyo anamulandira akusoka mphasa. "Alamu! Tinamva kuti mwatchuka mpaka kunja. Mwatsata chiyani kuno ku fumbi? Ngati mukufuna mng'ono wa malemu mkazi wanu, mwachedwa, onse anakwatiwa."

"Ndabwerera mbawa ija, alamu. Ndi imene imathimitsa magetsi a kuchipatala. Iyenera kugwa."

Lufeyo anaika pansi singano. "Mwambo mukuudziwa. Dikirani maliro. Adzukulu akadzalowa kukakumba, adzaidulira limodzi."

"Maliro amene tikudikirawo," anatero Dzonzi, "adzabwera ndi mtengo womwewo."

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Mukudziwa amene wagona pansi pake?" anafunsa Lufeyo.

"Ndikudziwa."

"Mthunzi wake ndi womwewo."

"Ndikudziwa, alamu."

Lufeyo anayenda khomo ndi khomo kwa akuluakulu a mbumba. Ena anakana, ena analira, koma potsiriza analola. Tsiku lodula mtengowo, amagetsi anathimitsa mawaya. Adzukulu, amene amakumba manda, anamanga zingwe kuti mtengo usagwere pa mitumbira. Atafika polowera, onse anavula nsapato n'kuwomba m'manja kupepesa ogona. Ndipo Lufeyo anatenga nkhwangwa, osaipereka kwa mdzukulu, koma kwa mkamwini.

Dzonzi anali asanadulepo mtengo chichokereni kusukulu. Anatema koyamba, nkhwangwa inaterereka. Palibe anaseka. Anatemanso.

Inu amene mwaphunzira, musayeze ntchito yanu ndi kuwomba m'manja kwa anthu akutali. Chimene mwapeza chimayamba kuthandiza tsiku limene mwachitengera kwa munthu amene angathe kukukanizani, mutavula nsapato. Ndipo musadabwe mukapeza kuti mtengo woyenera kugwa ndi umene ukupereka mthunzi kwa wanu.

Masiku ano mwera ukawomba, makina a m'chipatala muja saima. Manda a Nasimango ali padzuwa.