Chotsekera Thanki cha a Telala

A Telala anali munthu wa manja aluso. Suti ikatuluka m'shopu mwawo inkakhala pathupi ngati mwiniwake anabadwa nayo. Vuto lawo linali limodzi: poti singano inkawamvera, ankaganiza kuti chinthu chilichonse chiwamveranso, ngakhale kagalimoto kawo kakalekale kamene kanali kakakulu msinkhu kuposa mwana wawo woyamba.

Lachinayi lina atamwetsa mafuta, anaiwala chotsekera thanki padenga la galimotoyo n'kunyamuka. Pofika kunyumba chinali chitagwera kosadziwika. Anatsekapo ndi kansanza, koma fungo la petulo linadzaza pakhonde ponse.

"Abambo, aimbireni achimwene akuthandizeni," anatero akazi awo. Mlongo wawo wa mayiwo anali makaniko.

"Alamu angawo? Kuti azindiseka chaka chathunthu? Chotsekera n'chotsekera, mayi. Munthu wotha kutseka botolo angalephere thanki?"

M'mawa mwake analowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Mayi wogulitsa anawafunsa mwaulemu, "Galimoto yanu ndi yamtundu wanji, bambo, ndipo ndi ya chaka chanji? Zotsekerazi zimasiyana."

"Ndipatseni chonyezimiracho," anayankha a Telala akuloza ndi chala. "Maso angawa ndi tepi. Ndimayeza munthu ali kutsidya kwa msewu."

Ndipo maso sanawanamize. Chotsekeracho chinakhalapo bwinobwino, chothina kuti gwa! Anaitana akazi awo kuti adzaone, anaitananso aneba, kenako anachipukuta ndi mpango ngati nsapato ya kutchalitchi.

Loweruka kunali ukwati kutsidya lina la tauni nthawi ya teni koloko, ndipo deresi la mkwatibwi, limene a Telala analisoka milungu itatu, linali lidakali kwa iwo. Ananyamuka nthawi yabwino, akazi awo atakhala kumbuyo ndi deresilo pamiyendo ngati khanda.

Atangodutsa msika waukulu, galimoto inayamba kutsokomola. Inanjenjemera, n'kuzima. A Telala anatsegula boneti, nayang'anitsitsa injini ndi nkhope ya dokotala, ngakhale sankadziwa chimene akufuna. Anagwedeza kawaya apa, kupukuta apo. Patapita mphindi khumi analiza, ndipo inalira.

"Mwaona? Imangofuna dzanja la mwiniwake," anatero.

Sanapite patali, inazimanso, ulendo uno pakati penipeni pa mphambano. Mahutala analira mbali zonse. Anthu ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu anathandiza kuikankhira pambali, a Telala thukuta lili kamukamu m'suti yawo yabwino. Foni nayo inayamba kulira. Anali mayi a mkwatibwi: mwana wasamba kale, tsitsi wakonza kale, wangokhala pabedi atafunda thawulo, misozi ili pafupi. Zaka makumi awiri za mbiri yabwino ya a Telala zinali pafupi kuthera pamphambano.

Akazi awo sanapemphenso chilolezo. Anaimbira achimwene awo n'kukweza mawu a foni.

"Alamu, mwadzuka bwanji?" anatero makaniko, kuseka kukumveka kale pakhosi. "Tandiuzani, mwasinthako chiyani pagalimotopo masiku ano?"

"Palibe," anayankha a Telala. Akazi awo anawaponyera diso. "Kungoti... kachotsekera thanki basi."

"Eya! Pitani mukatsegule, foni muyandikize."

A Telala anapotokola chotsekera chija. Thanki inakoka mpweya kuti fyuuu, ngati munthu amene wavuuka m'madzi.

"Mwaimva? Mwaibanikitsa nkhalambayo!" anatero mlamu wawo akufa nacho chikhakhali. "Galimoto zakalezi zimapumira pachotsekera. Chake chimakhala ndi kabowo kolowetsa mpweya. Inu mwagula cha galimoto zamakono, chosalowetsa kanthu, ndiye mafuta akulephera kutsika. Tsekani mosathinitsa, muziyenda pang'onopang'ono. Lolemba mukasinthe."

Anafika kutatsala mphindi makumi awiri. Mkwatibwi atavala deresi lija, nyumba yonse inaphulika ndi nthungululu, ndipo mayi ake anaiwala mawu onse aukali amene anawakonzera a Telala. Anawakakamiza kuti akhale nawo paphwando, ndipo a Telala anavina mpaka bondo linadandaula.

Lolemba anabwerera kusitolo kuja, chipewa chili m'manja, atalemba mtundu wa galimoto ndi chaka chake pakapepala. Mayi wogulitsa anawerenga, natenga kachotsekera kakuda kosaoneka bwino pashelefu yapansi.

"Chanu ndi ichi, bambo. Mukanandiuza tsiku lija, bwenzi nkhani itatha kalekale."

A Telala anafunsa katsekedwe kake, anafunsa kasamalidwe kake, anafunsanso ngati pali china chimene ayenera kudziwa. Mlamu wawo sanaphonye mwayi: mpaka lero akakumana pazochitika za pabanja, amawapatsa moni wa "fyuuu", a Telala n'kuseka nawo limodzi. Wina akafuna kudziwa chiyambi cha moni wachilendowu, a Telala amafotokoza okha, osabisa kanthu, poti anaona ndi maso awo kuti akulu sananame: safunsa anadya phula.