Mizere ya Kumsewu

Panali mlimi wina, dzina lake Gwaza, amene munda wake unayambira pamsewu penipeni n'kukathera kutali, pa mtengo wa msuku. Sanali waulesi ayi. Nthenda yake inali imodzi, kukonda kutamandidwa. Munthu akangomuuza kuti, "Koma ndiye mwalimatu," tsiku limenelo ankapereka moni ngakhale kwa mbuzi.

M'deralo munali mlangizi wa zaulimi, mayi woyenda pa njinga yamoto. Chaka chilichonse chimanga chikamasula, mayiyu ankayendera minda n'kusankha wopambana. Koma midzi inali yambiri ndipo mafuta anali ochepa, choncho kuyendera kwake kunali kongodutsa. Ankachepetsa liwiro, kuyang'ana uku ndi uku, kugwedeza mutu, basi wapita. Pa maulendo amenewa phazi lake silinkaponda m'munda.

Gwaza anaziona zimenezi, nazisunga mumtima.

Mvula itagwa, iye anali ndi thumba limodzi lokha la feteleza, munda wonsewo. Analisenza n'kukalitula pamsewu, nayamba kuthira mizere yoyambirira mosaumira, phando lililonse kawiri. Manyowa onse a m'khola anapitanso komweko. Asanafike n'komwe pakati pa munda, thumba linali litatha.

Mkazi wake, Nachisale, anaima ndi khasu paphewa n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, nanga chimanga cha kumsuku chidya chiyani? Si chathu chomwe?"

"Mayi, inu simudziwa mmene zinthu zimayendera," anatero Gwaza. "Kumsuku amafikako ndani? Maso ali kuno kumsewu."

"Maso ali kumsewu, koma mimba zili kunyumba."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Gwaza linali litatchera kale kulira kwa njinga yamoto.

Mizere ya kumsewu inakondwa zedi. Chimanga chinabiriwira bii, chinapitirira msinkhu wa munthu, phesi lililonse litabereka ana awiri. Mlangizi podutsa anachita kuponda buleki. Anayang'ana ali pa njinga pomwepo, nati, "Chaka chino wopambana ndi ameneyu." Sabata isanathe, pamsewu panazikidwa chikwangwani cholembedwa kuti Munda Wachitsanzo, dzina la Gwaza lili pansi pake. Bamboyo anayamba kudzera kumunda ngakhale popita kutchalitchi, kuti achipukute fumbi.

Chimene sanafunse n'chakuti wopambana amatani. Mwambo wake unali wakuti chionetsero cha zaulimi chimachitikira m'munda wa wopambanayo, kuti ena aphunzirepo.

Tsikulo litafika, anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse. Amayi anaimba, mabenchi anabwerekedwa kutchalitchi. Gwaza anapatsidwa mwayi wolankhula, ndipo analankhula mpaka dzuwa kufika paliwombo, poganiza kuti anthu akatopa abalalika. Atangopuma kuti ameze malovu, mlangizi anaimirira nati, "Zikomo bambo Gwaza. Tsopano tiyeni tilowe, tikaone ndi maso."

"Pepani amayi, m'katimo muli chitedze," anatero Gwaza.

"Chitedze tinachizolowera ife!" anayankha mayi wina, atalowa kale.

"Komanso dzulo ndinaonamo njoka."

"Ikamva mapazi athu ithawa yokha."

Analowa. Poyamba chimanga chinkawaphimba mitu. Atayenda pang'ono chinafika m'mapewa, kenaka m'chiuno. Pofika kumsuku chinali cha m'mawondo, chachikasu, kaufiti atachita maluwa pakati pake ngati ndiye mbewu yobzalidwa. Ndiye mkulu wina anawerama, nagwira kachitsononkho konga chala, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi a Gwaza, chimenechi mwabzala dzana?"

Chiseko chinaphulika. Wina anafuula kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gwaza anachita manyazi aakulu, moti anafuna nthaka itang'ambika. Koma atayang'ana mkazi wake, anaona kuti iye sakuseka. Nachisale ankayang'ana timapesito, ndipo Gwaza anadziwa chimene chinali mumtima mwake: chakudya ichi sichifika Khirisimasi. Apo manyazi anacheperapo, chisoni n'kukula.

Anatembenuka, nalunjika kumsewu. Anthu anati wathawa. Posakhalitsa anamuona akubwera, chikwangwani chija chili paphewa, dothi likuyoyoka kumtengo wake. Anachizika pansi pa msuku, pakati pa chimanga chachikasucho, nachitsendera ndi chidendene.

"Feteleza ndinali naye wochepa," anatero. "Ndinadyetsa mizere imene inu mumaona, poti ndi yokhayo mumaona. Munda wanga weniweni ndi uno. Amayi alangizi, chaka chamawa mudzayambire pano."

Mlangizi anavula chipewa chake cha pa njinga, nayenso manyazi atamugwira. "Bambo Gwaza, mlandu uwu tigawana. Inu munakometsa kumsewu chifukwa ine sindinkatsika."

Woyamba kuimba nthungululu anali Nachisale.

Chaka chimenecho njala inawagwiradi. Mwezi wa Januwale unawapeza ali pa ganyu m'minda ya eni, pakuti chikwangwani sichiphikidwa. Koma dzinja lomwelo Gwaza anayambira kumsuku, feteleza pang'onopang'ono phando lililonse, manyowa munda wonse. Chimanga cha kumsewu sichinaimitsenso njinga ya munthu. Mlangizi anabwera, nasiya njinga pamsewu, nayenda wapansi mpaka kumsuku, chisoso chitamumata nsalu yonse. Anasankha wina kukhala wopambana. Gwaza anadandaula masiku awiri, poti nthenda yakale siichoka msanga. Koma pokolola, nkhokwe yake inafuna mzati wina woichirikiza, ndipo ana anadya mpaka chimanga china kucha.

Tsono inu aphunzitsi anzanga, mizere ya kumsewu tonse tikuidziwa. Ndi ana aja okhala kutsogolo, amene timawaitana m'mamawa ndi masana pomwe mayeso a Sitandade 8 akayandikira. Ena aja timawabweza kuti abwereze Sitandade 7, osati powafunira zabwino, koma kuti angatitsitsire maperesenti. Zotsatira zikatuluka, sukulu yathu imatchulidwa pa nambala wani m'zoni, ife n'kumapukuta chikwangwani. Koma makolo anatipatsa munda wonse, ndipo mudzi udzadya zochokera m'munda wonsewo.

Nanunso alangizi amene mumayendera sukulu n'kuziika pa manambala, dziwani kuti kumene mumayang'ana ndi kumene ife timathira feteleza. Mukabwera, musathere mu ofesi ya ahedi. Tsikani pa njinga, mulowe m'kalasi, mupite pa mzere wakumbuyo kwenikweni, mumpatse buku mwana amene sanakweze dzanja. Akawerenga ameneyo, lembani kuti sukuluyi yakolola.