Wakili wa Pamwamba pa Sitolo

Lachinayi lililonse, chiyambire pamene maso awo anayamba kuchita chidima, ndinkawawenga zikhadabo bambo anga, Shehe Twaibu Likwata, kuti Lachisanu liziwapeza ali aukhondo. Tsiku limenelo tinali pakhonde kwathu ku Ntaja, dzuwa litapendeka. Ndinali nditangomaliza dzanja lamanja pamene galimoto inaima kunja kwa mpanda.

Munatuluka Sumani, yemwe ndinaphunzira naye ku madrasa a bambo tili ana. Tsopano anali loya. Ofesi yake inali ku Liwonde, tizipinda tiwiri pamwamba pa sitolo ya zitsulo, iye ndi mnzake mmodzi basi. Anapereka salamu, navula nsapato, nakhala pamkeka ndi suti yake yomwe.

Anati kampani ina yaikulu ya maloya ku Blantyre yamuitana, ndipo ikufuna yankho Lolemba. Kenaka analankhula nthawi yaitali, nkhani zake zili balalabalala. Anati kukhoti ku Zomba maloya a ku Blantyre akafika, alonda amawatsegulira geti asanaimbe ndi hutala yomwe, pamene iye amayamba wafunsidwa kuti akufuna ndani. Apongozi ake amauza anthu kuti mkamwini wawo adakafunafuna ntchito. Koma anzake a ku koleji amene ali m'makampani aakuluwo amamuimbira foni modandaula, ati chaka chimatha osaimako pamaso pa woweruza, kumangolemba mapepala oti wina akasaine. Iwo amasirira iye, iye amasirira iwo. Anati anaswali istikhara, swala yopempha chiongoko, koma anadzuka mtima uli pomwe unali.

“A Shehe, ndiuzeni inuyo. Ndipite kapena ndikhale?”

Bambo anatembenukira kwa iye. Anamufunsa ngati akukumbukira nikahi ya mlongo wake Asiyatu, tsiku limene iye anali wakili, woimira mkwatibwi pamaso pa amuna mumzikiti.

Sumani anaseka mwamanyazi. Ankakumbukira. Tsiku lija bambo anamufunsa ngati mkwatibwi wavomera, iye nati eya. Atamufunsa kuti wamva kwa yani, anati kwa azakhali. Bambo anamubweza kunyumba, mvula ili mkati, mkwati ndi abale ake akudikira, mpunga ukuzizira m'mapoto.

“Ndinakubweza chifukwa chiyani?”

“Munati wakili salankhula zimene sanamve ndi makutu ake.”

“Ku chilumba cha Unguja kumene ndinaphunzira, loya amamutchulanso wakili,” anatero bambo. “Dzina lake ndi lomwelo.”

Sumani anayesa kulumikiza. “Ndiye mukuti ndikhale ku Liwonde?”

“Sindinatero.”

“Ndiye ndipite?”

“Zimenezonso sindinanene. Za ku Blantyre sindizidziwa, mwanangu. Mwina kumenekonso kuli anthu ofuna wowamvera.”

Sumani anayang'ana kwa ine ngati ndingamuthandize. Inenso sindinamvetse. Ndinangogwira lumo m'manja, dzanja lamanzere la bambo lili pabondo panga. Sumani anayambanso kufotokoza, ati mwina sanalongosole bwino: kumene akumuitana kuli nyumba yosanja, maloya ambirimbiri, dzina lodziwika mpaka kunja kwa dziko. Bambo anamusiya mpaka anamaliza.

“Chifikire pano wandiuza za alonda a pageti, za apongozi ako, za anzako a ku koleji,” anatero motsitsa mawu. “Ine ndakhala ndikudikira dzina la munthu mmodzi yekha mwa anthu amene umawaimira. Sunamutchule. Wabweranso ndi mawu a azakhali, Sumani. Bwerera ukamve kwa mwini wake, ndiye udzandifunse.”

Adhana yoitanira anthu ku swala ya Asr inamveka. Bambo anachotsa dzanja lawo pabondo panga, nati lotsalalo tidzamaliza m'mawa. Tinapita kumzikiti tonse atatu, Sumani atawagwira mkono.

M'mawa mwake, titabwerako ku swala ya m'bandakucha, bambo anakhala pampando wawo kudikira tiyi. Mayi pobwera naye anapeza atatisiya. Powasambitsa ndinaona dzanja lamanzere lija, zikhadabo zake zili zosawenga.

Sumani anabwera kumaliro, nanyamula nawo jeneza kuchokera kumzikiti mpaka kumanda. Sanandiuze zimene anayankha ku Blantyre Lolemba lija, inenso sindinamufunse.

Mwezi watha ndinadutsa pa Liwonde popita ku Zomba. Chikwangwani cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo chidakalipo, mayina onse awiri ali pomwepo. Pansi pa dzina la Sumani, m'munsi mwa mawu a Chingerezi aja, pawonjezeredwa liwu limodzi ndi utoto wobiriwira: Wakili.