Malume Amene Ankadya Magowelo

Kalekale, nyumba zisanadziwe njerwa ndi malata, padali Kapuku, kambewa konenepa kaja ka maso a tulo. Mwati tili tonse? Chabwino. Ana inu senderani kuno, utsi ukupita uko.

Masiku amenewo mnyamata mawu akangoyamba kukula, sankagonanso m'nyumba ya makolo. Ankamanga gowelo, kanyumba kakekake kuseri kwa nkhokwe. Kuwerama polowa, kuwerama potuluka. Koma aliyense amene adagonamo sadaiwale fungo la udzu watsopano ndi dothi losaumitsa. Funsani a Gwaza ali apowa. Lawo lidapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa, adalichirikiza ndi mpini wa khasu zaka ziwiri. Musakane a Gwaza, mpiniwo udali wa bambo anga.

Tsono Kapuku adakula. Kuuna kwa makolo ake kudali kodzaza thothotho. Ukatembenuka waponda mchira wa mng'ono wako, tswii! Ukatambasula mwendo waponda mphuno ya mlongo wako, tswii! Pamwamba pa izo, mayi ake adali oyembekezera.

Tsiku lina m'mawa mayiwo adamuitana.

"Kapuku mwana wanga, ndevu izo zatalika. Mvula ikamagwa ine ndikhala ndili m'chikuta. Iwe uzigona pati?"

"Kumiyendo kwanu konkuja, amayi."

"Kumiyendo kwanga kuli eni ake akubwera. Mvula isanagwe ukhale uli m'gowelo lako."

Adanena akuyang'ana kumbali, chifukwa misozi idali pafupi.

Kapuku adanyamuka. Nkhwangwa yodulira nsichi alibe, chikwakwa chomwetera udzu alibe. Adangoti, ndiyende ndifunse kwa anzanga, mwina pali kanyumba kongokhala.

Adayamba kwa Nkhono.

"Chilipo chigoba cha malemu achimwene," adatero Nkhono. "Sichidontha ngakhale pang'ono."

Kapuku adalowa. Kuzungulira, kuzungulira, kuzungulira. Potuluka mitengo yonse ikuvina.

"Zikomo a Nkhono. Koma nyumba yoti pogona uyambe wadzipinda ngati nkhata, ine ayi."

Adapita kwa Mpheta. Mpheta adamupatsa chisa chakale pamwamba pa bango. Kapuku adakwera, adakhala bwinobwino. Kamphepo kadangoti pang'ono, chisa lende, lende, lende. Adasanza mtedza wa dzulo ndi wa dzana womwe.

Pobwerera adadutsa m'munda wokolola kale, ndipo adapeza dzungu loiwalika, lalikulu, lofiira. Adaliyang'ana, adalizungulira, adayamba: kekete, kekete, kekete. Khomo. Kekete, kekete. Kazenera. Adatulutsa nthanga, adayala mayani, adagona chagada.

"Ha! Nyumba ndi imeneyi. Njala ikakupweteka ungoluma khoma."

Koma kudali Nguluwe. Chinthu chachikulu, mimba yokwekwereza pansi, mphuno yosagona. Ubale ndi a Kapuku padalibe. Adangomwerapo pachitsime chimodzi ndi agogo awo chaka cha chilala, basi, kuyambira pomwepo adadzitcha malume.

Ndiye mwambo udali wakuti gowelo likatha, malume amabwera kudzaliona. Agogode khoma, akankhe mzati, agwedeze denga, kuti lingamugwere mwana ali m'tulo. Mwambo wabwino. Nguluwe adaugwira ndi manja awiri.

"Odi kuno, eni nyumba!"

"Fikani malume. Kapena ingoimani pomwepo."

"Iwe mwana wa mlongo wanga, wamanga osandiuza? Ukufuna anthu azinena kuti ndilibe chisamaliro? Taima ndiyese khoma."

Nunkhu, nunkhu, nunkhu.

"Khoma ili lafewa." Khapu!

"Malume!"

"Ili nalonso silinakhwime." Khapu!

Kapuku adangotsala ali njo pabwalo, nthanga imodzi ili pamutu.

"Waona? Ikadakugwera imeneyi," adatero Nguluwe akunyambita milomo. "Ukamanga ina undiitane."

Kapuku adamanga ina, ya mapesi, denga la kholowa. Sadaitane munthu. Koma mphuno siidikira kuitanidwa.

"Odi kuno, eni nyumba!"

Adayamba denga, adamalizira zipupa. Adageya, adapukuta kukamwa.

"Ukanakhala wopanda malume iwe, bwenzi utafa kale."

Apo n'kuti dzuwa likuwotcha ngati ng'anjo, mitambo yayamba kuunjikana kum'mawa. Achule ayamba kuyesa mawu. Mayi ake a Kapuku akuyenda atagwira m'chiuno. Kapuku kwawo sangabwerere, manyazi. Kutsogolo kulibe nyumba.

Adakakhala m'mphepete mwa dambo, pa chitsa cha muwanga, dzanja lili patsaya. Atayang'ana pansi adaona kuti kunsi kwa chitsacho kuli mphako, mizu yake yolimba ngati nsichi zozika kale. Kungoti mipata ponseponse, mphepo kulowa uku kutulukira uko. Chofunika n'kumata basi.

Dothi lomatira, inu akuluakulu mukudziwa, palibe loposa la pachulu. Chulu chidali pomwepo. Koma kukumba dothi louma gwa, kuthira madzi, kuponda mpaka lifewe, kunyamula, kumata, ndi timanja ta mbewa? Mvula zitatu zikadadutsa.

Adakweza maso. Pa chitsamba chotsamira chulu padalendewera chitedze, chakupsa, chaubweya, chongodikira wochigwedeza.

Kapuku adaseka yekha. Ki, ki, ki.

Tsiku lonse adatola timitengo, adatiluka m'mipata ya mizu, adamanga ndi luzi. Pamalo pa khomo adatsekapo ndi chitsononkho cha chimanga kuti dothi lisadzatseke. Atatha adapita kwa Nguluwe, adakhala pansi mwaulemu, adaomba m'manja.

"Malume, ndalakwa kawiri konse pomanga osakufunsani. Lero ndabwera ndisanayambe."

"Eya, nzeru zayamba kulowa. Nena."

"Ndapeza malo pafupi ndi chulu cha kudambo. Koma patsinde pa chulucho, pansi pa chitsamba, pali chinangwa chomera chokha. Mizu yake ngati ntchafu zanuzo. Ndikuopa kuti chingadzandigumulire maziko. Ndiitane anyamata achikumbe?"

"Anyamata ati? Usauze munthu! Chinangwa chotero chimaledzeretsa ana. Zimenezo n'za akuluakulu."

Sadadikire n'komwe. Thi, thi, thi, mpaka pachulu. Kapuku adathamanga pambuyo, adalowa m'mphako mwake, adasuzumira pa kampata.

Nguluwe adazika mphuno. Fuku, fuku, fuku. Dothi lofiira likugumuka, likuunjikana. Fuku, fuku. Adakumba mpaka madzi a m'dambo adayamba kutsetserekera m'dzenjemo.

"Chili kuti chinangwacho?"

"Chakumtunda pang'ono, malume, pansi pa chitsamba penipeni!"

Nguluwe adasendera, msana udagunda chitsamba. Chitedze chidangoti waa, kuyambira m'makutu mpaka kumchira.

Poyamba adaima chilili. Kenako khutu lidagwedezeka. Kenako thupi lonse.

"Mayo ine! Ndani wandithira makala?"

"Chitedze, malume! Gubudukani m'matope msanga, mankhwala ake ndi omwewo!"

Phava! Nguluwe m'dzenje. Kugubuduka, kuponda, kudzuka, kugwanso. Tapa, tapa, tapa. Dothi la pachulu lidafewa ngati phala la mwana. Amayi khumi sakadaliponda chotero.

"Sikukutha kuyabwa!"

"Dzikhuleni pa chitsa ichi, malume, n'cholimba!"

Nguluwe adabwera matope ali chuu, adatsamira chitsa. Khwee, khwee, khwee. Dothi likulowa m'timitengo muja, Kapuku ali m'kati akusalaza ndi timanja.

"Zungulirani mbali ya kumadzulo, malume, kwatsala mpata!"

"Wati chiyani?"

"Ndati nthiti za kumanzere zatsala, zatupa kwambiri!"

Khwee, khwee.

"Mankhwala achepa pamsanapo. Bwererani mukatenge ena!"

Phava! Tapa, tapa. Khwee, khwee. Maulendo anayi. Ulendo wachinayi Kapuku adati, "Pamwamba pa chitsa, malume, khalanipo ndithu, mchira nawo ndi thupi." Nguluwe adakhalapo, adadzipukusa, ming'alu yonse ya pamwamba idatsekeka.

Atatopa adathawira kumtsinje akulira ngati mwana wolumidwa ndi mavu.

Dzuwa lidawomba masiku atatu. Dothi lidauma gwa, ngati mwala. Kapuku adakankha chitsononkho chija, pho! Khomo lozungulira bwino, ndipo chitsononkhocho chidasanduka chitseko.

Tsiku lachinayi, uyo Nguluwe akubwera, thupi lonse zikandekande.

"Odi kuno, eni nyumba."

"Fikani malume. Thupi lili bwanji?"

"Usandifunse. Chinangwa chako chija ndidzachikumba mvula ikagwa. Ndabwera kudzayesa khoma."

"Yesani, malume. Mwambo ndi mwambo."

Nunkhu, nunkhu. Fungo la chakudya palibe. Koma chizolowezi n'chizolowezi. Adayasamula kukamwa konse, adaluma ndi mphamvu zake zonse.

Gwede!

Mbalame zidauluka m'dambo. Mano awiri adapindikira kunja, ndipo sadabwererenso mpaka lero. Mukadzaona nguluwe mudzayang'ane.

"Wamata nyumba imeneyi ndani?" adafunsa misozi ili mbwe.

"Mmisiri wina wa msana waukulu, malume. Wachifundo kwambiri. Ngakhale thobwa sadapemphe."

"Alibe ulemu ameneyo! Nyumba ya mwana amamata chonchi? Ndikadzamupeza adzandidziwa!"

Adachoka akung'ung'udza. Mpaka pano akumusakabe. Akaona chitsa chopakika matope amaima, kununkhiza, n'kunena kuti, wadutsa pano posachedwa. Kenako amadzikhula pomwepo poganiza.

Masana a tsiku lomwelo mayi ake a Kapuku adabwera pang'onopang'ono, atanyamula khala la moto pa phale. Kale moto woyamba wa m'gowelo sunkapemphedwa kwa anansi, unkachokera pa mafuwa a mayi ako. Adalowa chowerama, adayang'ana uku ndi uku, adagogoda khoma ndi chala.

"Kachepa."

"Kandikwana, amayi."

"Mphasa uyala pati?"

"Apa."

"Mutu uloze uko, kuno kukubwera mphepo."

Adakoleza moto, kenako adadzuka n'kumapita. Kapuku adaima pakhomo akuwayang'ana mpaka adalowa m'udzu.

Patapita kanthawi adamva mawu a mayi ake kuchokera kutali, kuuna kwawo kuja.

"Kapukuuu!"

"Wee!"

"Ha, ndiye kuti kukumveka! Koma wee ameneyo ukuyankha ndani, ndine mnzako ine? Bwera udzatenge ndiwo, nyumba yakoyi sidyedwa!"

Adathamanga. Pobwerera, mbale ili m'manja, madontho oyamba adayamba kugwa, tho, tho, tho. Adalowa, adakoka chitsononkho. Mvula idagwa ya mkokomo, m'nyumba osalowa ngakhale dontho.

Ndisakubiseni, ubweya wina wa chitedze udatsalira m'dothi lija. Kapuku adadzikanda mlungu wathunthu. Koma ankadzikanda m'nyumba yake, mwendo atatambasula, popanda womuuza kuti sendera.

Ndiye anyamata inu mukuyang'ana nyumba zazikulu za eni ake, yambani ndi kachitsa kamene kakukwanani. Kanyumba kotchipa sikalephera kuyabwa penapake, muzingokanda. Ndipo wachibale amene amabwera ndi mano okha, musakangane naye. Mupezereni ntchito ya msana.

Yanga yathera pa chitsa pomwepo. Tafukulani mbatata m'phulusamo, ndipo a Gwaza muwapatse yomalizira, angayambe kutiyesera mbatatazo ngati Nguluwe uja.